Ulendo wa ku Liwonde National Park kuchokera ku Blantyre: mmene ine ndimaukonzera

Ngati muli ndi galimoto, kapena mlamu wanu atha kukubwerekani yake, ndipo mukufuna kuti tchuthi chikubwerachi ana akaone njovu yeniyeni osati ya pa TV, pitani ku Liwonde. Koma mukagoneko usiku umodzi. Langizo langa lalikulu ndi limenelo, zina zonse ndikuuzeni pansipa ndi zongothandizira.

Chifukwa chake nachi. Anthu ambiri a mu Blantyre muno amanyamuka 9 koloko atamwa tiyi, amaima ku Zomba, nkukafika pachipata cha paki dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo njovu zabisala m'mithunzi, njati zagona, mikango ndiye musanene. Amazungulira maola awiri thukuta lili kamukamu, ana akulira kumbuyo, kenaka ulendo wobwerera kuti usiku usawapeze panjira. Akafika kuno amatiuza kuti ku Liwonde kulibe kanthu, ndi nswala zokhazokha. Nyama zilipo ndithu, koma zimayenda m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo munthu wochokera ku Blantyre nkubwerera tsiku lomwelo amaphonya nthawi ziwiri zonsezi.

Mwezi woti mupite

Ambirife timaganiza za maulendo pa Khirisimasi poti ndi pomwe kuntchito atseka ndipo m'thumba muli kangachepe. Vuto ndi loti Disembala mpaka Malichi ndi dzinja. Dothi la m'mbali mwa Shire ndi makande, likanyowa limaterera ndi kumata matayala, ndipo misewu ina ya m'paki amaitseka. Udzu umatalika kuposa galimoto, madzi amapezeka pena paliponse, choncho nyama sizivutikira kubwera kumtsinje. Kumabiriwira mokongola, nswala zimakhala ndi tiana, okonda mbalame amasangalala kwambiri, koma kwa banja lomwe likupita koyamba pa galimoto yaing'ono si nyengo yake.

Pitani pakati pa Juni ndi Okutobala. Ine ndimakonda Ogasiti chifukwa ana ali pa tchuthi chachitali, udzu wauma, koma kutentha sikunafike poipa. Sabata ya 6 Julayi nayo ndi yabwino, ingotengani majuzi poti m'bandakucha pamtsinje pamazizira. Pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, mukaona nyama zambiri zedi chifukwa madambo auma ndipo chilichonse chimathamangira ku Shire, koma dziwani kuti Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 pomwe Liwonde safika ndi 500 omwe. Kutentha kwa Okutobala kumeneko si kwa masewera. Ngati mukutenga mayi anu okalamba kuti mukawasangalatse pa tsikuli, apezereni chipinda chokhala ndi fani ndipo masana asayende padzuwa.

Galimoto ndi mapepala

Yanga ndi Sienta, ndipo m'chilimwe imakwanitsa bwinobwino misewu ikuluikulu ya kumwera kwa paki, bola kuyenda pang'onopang'ono. Galimoto yotsika kwambiri idzakhula pansi m'malo momwe madzi anakokolola. Mukafuna kuyenda nokha makilomita pafupifupi 30 ochokera pachipata kukafika ku Mvuu Camp, malo ogona a m'kati mwa paki, kapena ngati mvula yagwapo kale, pezani galimoto yaitali, makamaka ya 4x4.

Kutatsala sabata, osati m'mawa wa ulendo, pitani nayo kwa makaniko aone mabuleki, madzi a mu radiator ndi oyilo. Tayala la sipeya liyesedwe mpweya, ndipo jeki ndi sipanala muzione ndi maso anu kuti zilimo. M'paki muli minga ndi zitsa za tsanya, ndipo simungaimbe foni kuti munthu wamatayala abwere pa njinga.

Mafuta thirani thanki yodzadza mu Blantyre momwemuno, dzulo lake. Kuchokera kuno kukafika pa Liwonde kudzera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 120, ndiye kupita, kubwera ndi kuzungulira m'paki werengerani 350. Ku Zomba ndi pa Liwonde malo omwetsera mafuta alipo, koma tonse tikudziwa mmene mafuta amasowera dziko lino, ndipo palibe chowawa ngati kutha tchuthi chako uli pamzere ana ali m'galimoto. Mukaona pamene pali mafuta popanda mzere, onjezerani ngakhale thanki isanafike theka.

Laisensi, COF ndi inshuwalansi zikhale zosatha, ma triangle awiri akhale m'buti, chifukwa apolisi apamsewu mukumana nawo kangapo. Chinanso chomwe anthu amasiya pa tebulo ndi chiphaso cha unzika. Mtengo wolowera m'paki uli pa magulu: Amalawi amalipira wotsika kwambiri, alendo okhala m'dziko muno wapakati, ochokera kunja wokwera. Galimoto nayo ili ndi mtengo wake. Wamkulu aliyense atenge chiphaso chake. Mitengoyi imasintha mogwirizana ndi kwacha, choncho pomwe mukuimba foni kusungitsa malo ogona, afunseni mtengo wa pachipata wa nthawi imeneyo. Tengani ndalama zina m'manja. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'tauni, koma kutchire netiweki imabwera nkumachoka.

Panjira

Nyamukani isanakwane 8 kuti Limbe mumudutse asanadzadze. Mukatenga msewu wa M3, mudutsa pa Kachere, Mapanga, Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Msewu wa Blantyre mpaka Zomba ndi wabwino ndipo umakopa phazi, koma pa malo a malonda onsewa liwiro ndi 50, ndipo apolisi a kamera amadziwa bwino pomwe madalaivala amaiwala zimenezi. Mukapeza kuti ndi tsiku la msika pa Namadzi kapena pa Thondwe, yendani mwaulemu, anthu ndi mbuzi amadzadza mpaka mu tala.

Zomba ndi malo anu omaliza ogulirako zinthu mosavuta. Ine ndimagulako buledi, madzi akumwa, tomato, anyezi ndi zipatso pamsika waukulu, ndi madzi oundana a mu cooler box. Madzi akumwa werengerani malita atatu munthu mmodzi pa tsiku. Musakopeke nkukwera phiri la Zomba kuti mukangoona pang'ono, limenelo ndi la ulendo wina, lidzakudyerani theka la tsiku. Ana mungowaonetsa nyumba zakale za boma ndi kuwauza kuti kuno ndiye kunali likulu la dziko mpaka 1975.

Kuchoka pa Zomba msewu umasintha. Kudzera pa Chinamwali, Songani, Domasi ndi Malosa ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo njinga za kabaza, za makala ndi za nkhuni zili mbali zonse ziwiri. Mukaona lole ikubwera kutsogolo pomwe njinga ili kumanzere kwanu, chepetsani liwiro nkudikira, musapanikize wanjinga. Mukadutsa pa boma la Machinga msewu umakhotakhota m'mapiri nkuyamba kutsetsereka. Ikani giya yotsika m'malo mopondereza mabuleki njira yonse. Apa ndi pomwe mphepo yolowa pawindo imayamba kufunda, ndipo kutsogolo mumaona chigwa cha Shire ndi milambe yake.

Pa Liwonde, musanafike pa mlatho, khoterani kumanja mu msewu wa ku Ntaja. Mukayenda pang'ono muona chikwangwani cha paki chokulozerani kumanzere mu msewu wafumbi. Chipata chili makilomita pafupifupi 6 kuchokera m'tauni. Ngati nthawi ilipo, kafikeni kaye pa Kamuzu Barrage. Anaimanga mu 1965 kuti izilamulira madzi otsikira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe kumachokera magetsi athu, ndipo mwana wa Sitandade 6 akaiona samaiwalanso phunziro limenelo.

A ku Lilongwe njira yanu ndi M1 kudzera ku Dedza ndi Ntcheu, kulipira pa toll gate ya Kalinyeke, kenaka kukhotera ku Balaka mu M8. Inu mufika pa Liwonde kuchokera tsidya linalo, ndiye muwoloka mlatho kaye musanapeze msewu wa ku Ntaja. Ulendo wanu ndi wautali kawiri kuposa wathu, choncho mugoneko masiku awiri.

Kogona

Pali magulu atatu. M'tauni ya Liwonde muli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ena m'mbali mwa mtsinje monga Hippo View Lodge. Pafupi ndi chipata pali makampu monga Liwonde Safari Camp, komwe mutha kupeza chipinda kapena kukhoma tenti yanu. M'kati mwenimweni muli Mvuu Camp, Mvuu Lodge ndi Kuthengo Camp, omwe ndi okwera mtengo, ngakhale kuti si kulakwa kufunsa ngati ali ndi mtengo wa Amalawi. Opita ku Mvuu ambiri sadzera pachipata chachikulu. Amapitirira mu msewu wa ku Mangochi mpaka pa Ulongwe, kukhotera kumanja mu msewu wafumbi, kusiya galimoto m'mbali mwa mtsinje nkuwoloka pa boti la kampuyo. M'dzinja imeneyi ndiye njira yodalirika.

Kwa banja lomwe likuwerengera ndalama, ine ndimati gonani pafupi ndi chipata. Mukadzuka muli kale pakhomo pa paki, ndipo usiku mumamva mvuu ndi afisi, zomwe m'tauni zimaphimbidwa ndi nyimbo za m'mabala. Sungitsani malo kukadali milungu iwiri kapena itatu ngati ndi sabata ya tchuthi. Pofunsa, funsani zinthu zitatu: ngati amalola kudziphikira, ngati mabedi ali ndi neti, ndi ngati angakulembereniretu malo m'boti la madzulo a tsiku lomwe mukufika. Ife timanyamula nkhuku yokazingiratu, mpunga ndi mbaula, chifukwa chakudya cha m'makampu amachiwerengera m'madola, ndipo pakamwa pasanu kuchulukitsa katatu pa tsiku ndi ndalama ya boti imeneyo.

Mukafika, idyani nkugona. Masana palibe choti muthamangire.

Boti

Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha pakati pa boti ndi galimoto ya kampu yoonetsa nyama, sankhani boti. Galimoto muli nayo kale, koma Shire simungamuone bwino muli pamtunda, ndipo Liwonde ndi mtsinje umenewu. Umatuluka m'nyanja ya Malombe kumpoto nkutsika m'mbali mwa paki yonse, ndipo m'chilimwe chamoyo chilichonse chimabwera kudzamwa.

Kwerani la cha m'ma 3 koloko masana lomwe limabwerako dzuwa likulowa. Mvuu muziona m'magulumagulu, zilipo zoposa 1,000, makutu ndi mphuno zokha pamwamba pa madzi. Ng'ona zikuluzikulu zimakhala zitayasama pamchenga, zina zazitali kuposa galimoto yanu. Nkhwazi imalira pamwamba pa migwalangwa, ndipo mitundu ya mbalame m'pakiyi ndi pafupifupi 400, moti ngakhale munthu amene mbalame amangoidziwa ngati ndiwo amayamba kufunsa mayina. Koma chomwe chimatseka anthu pakamwa ndi njovu. Zimatsikira m'bango kudzadya, madzi akulekeza m'mimba, ndipo woyendetsa boti amazimitsa injini kuti madzi akuyandikizeni okha. Mumamva kuzula kwa udzu ndi kupuma kwake. Apongozi anga aakazi, omwe anakana kuvala jekete yoyandamitsa ponena kuti ikuwathina, anaivala okha mwakachetechete titaona njovu yamphongo ikuwoloka mtsinje chitamba chili m'mwamba.

Jeketeyo valani boti lisananyamuke, ndipo muonetsetse kuti ya mwana ndi ya msinkhu wake. Dzanja lisalowe m'madzi ngakhale pang'ono. Mwana wamng'ono akhale pakati, osati m'mphepete, ndipo funsiranitu ngati pali msinkhu womwe salola. Musaumirize woyendetsa kuti ayandikire mvuu kuti chithunzi chioneke bwino. Mvuu yokhala ndi mwana imatha kugubuduza boti, ndipo iye amadziwa mtunda woyenera kuposa inu. Akakusangalatsani mpatseni kangachepe potsika.

Usiku pakampu musayende opanda tochi, ndipo akakuuzani kuti mudikire mlonda, dikirani. Mvuu zimatuluka m'madzi usiku kukadya msipu ndipo sizidziwa kuti apa ndi pa kapinga wa alendo. Chakudya chonse chitsekereni m'galimoto. Apusi a m'makampu anazolowera anthu, ndipo wina anatilanda buledi wathunthu pa tebulo mayi akunyumba atangotembenuka kuti atenge mpeni. Malalanje ndi manachesi musagone nawo mu tenti, fungo lake njovu zimalikonda.

M'mawa m'paki

Chipata chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa nkutsekedwa 6 madzulo. Khalani pomwepo chikamatsegulidwa, tiyi ali mu fulasiki, ana atapita kale kuchimbudzi, poti mukalowa kutsika m'galimoto nkoletsedwa kupatula pa malo omwe anaikidwa. Pachipata funsani ma ranger misewu yomwe ili yotsegula ndi komwe nyama zaoneka dzulo. Funsaninso ngati pali wotsogolera alendo woti akwere nanu. Ndi ndalama yoonjezera, koma maso ake amaona khutu la njati pomwe inu mukuona chitsamba.

Yendani pang'onopang'ono, 20 kapena 30 basi, wailesi itazimitsidwa. Yambani ndi misewu yozungulira phiri la Chinguni nkutsikira ku madambo a kufupi ndi mtsinje. Kumeneko simulephera kuona nswala, anakodzwe, njiri zikuthamanga michira ili njo, anyani, ndipo mwamwayi ngoma ndi mphalapala m'mitengo ya tsanya. Mukafika pamalo poonekera bwino, imani, zimitsani injini nkukhala mphindi 15. Woima amaona zambiri kuposa wothamangira kutsogolo.

Ana musawalonjeze mkango. Mikango ilimo, koma ndi yochepa m'dera la masikweya kilomita 548, ndipo tsiku lonse imagona. Kukhalapo kwake nkwatsopano. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo Mfumu Liwonde ndi amene analimbikira kuti malowa atetezedwe, koma m'zaka zotsatira opha nyama mozemba anaisakaza kwambiri, mikango inatheratu, njovu zinkatuluka kukadya m'minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi womwe muuone polowa, nkuchotsa misampha ya mawaya yoposa 30,000. Ma cheetah anawabweretsa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 ku Kasungu mu 2022. Ndiye mukaona miimba ikuzungulira kapena itadzadza mumtengo, imani muyang'anitsitse pansi pake, mwina pali chomwe chagwidwa usiku. Chipembere ndiye chamanyazi, mukachiona mukatiuze.

Za njovu pamsewu ndinenepo mwatsatanetsatane, poti apa ndi pomwe munthu woyendetsa yekha amalakwitsa. Mukaziona kutsogolo imani patali, mamita 50 kapena kuposa, ndipo muyang'ane kumbuyo kuti njira yobwerera ilipo. Musaimbe hutala, musakuwe, ana asatulutse mitu pawindo. Yang'anani mbali zonse ziwiri za msewu, chifukwa kawirikawiri gulu limakhala lagawikana, ndipo malo oipitsitsa kuimapo ndi pakati pa mayi ndi mwana wake. Njovu ikatambasula makutu, kupukusa mutu ndi kukuyang'anani, ikukuuzani kuti mwayandikira, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono osaliza injini mwamphamvu. Yamphongo yoyenda yokha, yomwe ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu pakati pa diso ndi khutu ndiponso miyendo yakumbuyo yanyowa ndi mkodzo, ili pa nyengo yaukali, ipatseni msewu wonse ngakhale zitatanthauza kubwerera komwe mwachokera. Zikaima pamsewu theka la ola, dikirani theka la ola. Ngati kumbuyo kwanu kwabwera galimoto ina, isiyireni mpata, nanunso musamatirire kumbuyo kwa mnzanu, mwina afuna kubwerera mwadzidzidzi.

Kachilombo komwe kadzakuvutitseni kuposa njovu ndi kashembe. M'nkhalango za tsanya amatsatira galimoto yoyenda, ndipo kuluma kwake kuli ngati jakisoni wa namwino wokwiya, amaboola ndi malaya omwe. Amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho jezi ya timu ija isiyeni kunyumba, valani zotuwa kapena za khaki za manja aatali. Mukalowa m'mitengo yothithikana kwezani mawindo, mukatulukira ku dambo tsitsani.

Ikamakwana 10 koloko kutentha kumayamba ndipo nyama zimalowa m'mithunzi. Tulukani, kasambeni, pakirani katundu. Zinyalala zanu zonse mubwerere nazo. Nkhuni, nyanga kapena fupa lomwe mwaona pansi musatole, pachipata amatha kusecha galimoto ndipo ndi mlandu.

Pobwerera

Nyamukani pa Liwonde isanakwane 2 koloko kuti mapiri a Machinga ndi njinga za ku Songani muzidutse kukuwala. Usiku msewu umenewu uli ndi njinga zopanda nyale ndi malole ofera pamsewu omwe chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo. Mukafuna nsomba za pa Liwonde, gulani pomaliza penipeni, yang'anani kuti makha ake ndi ofiira ndipo maso sanachite mbuu, nkuziika mu cooler box, osati kuzimangirira pa galasi maola atatu padzuwa.

Ku Liwonde kuli udzudzu chaka chonse, ndipo ana okulira ku Namiwawa kapena ku Chilomoni matupi awo sanazolowere malungo a kuchigwa. Madzulo adzoleni mankhwala othamangitsa udzudzu, avale zazitali, agone mu neti. Wina akadwala muli komweko, chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili pa Liwonde pomwepo. Mukabwerako, aliyense amene watentha thupi, kumva mutu kapena kuphwanya m'thupi m'milungu iwiri kapena itatu yotsatira apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala kuti munali ku Shire. Musayambe kumwa LA wotsala wa chaka chatha musanayezetse. Ngati pomwe panaluma kashembe patupa nkusanduka chilonda chowawa, kapena kutentha thupi kukupitirira pomwe malungo sanapezeke, nenaninso za kashembeyo kuti ayeze matenda a kaodzera.